6 Malichi ya Amai

Kavalamanja,
Luangwa,
Loweruka, 15 Malichi.

Okondedwa asisi Emelina,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Mangalande, ndipo kuzizira kuja munali kudandaula nako kwayamba kuchepa. Kuno dzuwa likutiwotcha monga mwa masiku onse, mvula ikugwa mwa apo ndi apo, ndipo Zambezi wadzaza mpaka wamiza madimba akumunsi. Tonse tili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, kuti pamene mukuwerenga zotsatirazi muzikumbukira kuti tonse tili moyo, Amai, mwana wanga Filo, amuna anga a Bornface, ndi ine.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati masiku akale. Ndijambula masambawa ndi foni, ndikutumizirani ndikakwera pachulu paja pamene netiweki imagwira. Pakamwa sindingakwanitse. Ndinayesa Lamlungu lija munaimba, koma Amai anali pambali panga pamphasa, ndipo munamva nokha kuti ndinali kungoti “tili bwino, tili bwino” ngati chinkhwe. Mukhululuke malembedwe. Ticha wathunthu kulemba ngati papalasa nkhuku! Mutu suli pamalo, asisi, kuyambira Lachinayi la sabata yatha.

Choyamba ndikuuzeni kuti Amai sali monga mumawaonera pafoni. Ndimakupatsani kuti mukambe nawo m’mawa chifukwa m’mawa mutu wawo umakhala pamalo. Dzuwa likakwera amayamba kusokonezeka. Amandifunsa kuti Atate abwera liti kuchokera kumtsinje, pamene tinawaika m’manda zaka ziwiri zapitazo. Tsiku lina anathira shuga m’ndiwo. Tsiku lina ananditcha dzina la mng’ono wawo waku Zumbo. Sindinakuuzeni chifukwa mumatopa kale ndi nkhalamba za eni ake zimene mumasamala kumeneko, ndipo ndinati ndikuwonjezereni katundu wanji. Komanso panali chinthu chimodzi chimene sanasokonezepo, ndicho kulera mwana. Filo akalira, ine ndingayese zonse, koma akangofika pamsana pa ambuya ake, basi tulo. Ine ndikapita kukaphunzitsa ndinali kumusiya m’manja mwawo mtima uli m’malo.

Manje mukudziwa kuti pa 6 Malichi kuno kumakhala mwambo wokumbukira anthu amene anafa mu 1978, pamene masoja a Rodeshiya anabwera ndi ndege kudzaphulitsa msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndi kupha masoja athu ndi anthu a m’midzi muno. Chaka chino ahedi anandipatsa ntchito yokonzekeretsa ana kuti akachite kanthu pamaso pa alendo. Ine, ndi kudzimva kwanga mumakudziwa kuja, ndinati nyimbo ndi ndakatulo zatopetsa, tichite zachilendo. Ndinakwera pachulu ndi foni, ndinafufuza zonse zimene zinachitika padziko lapansi pa tsiku lomweli, ndipo ndinapatsa mwana aliyense chaka chake pa katoni kuti akanyamule ndi kunena.

Awe mwandi, tsiku limodzi limanyamula zambiri! Pa 6 Malichi 1869 ku Russia anaonetsa koyamba tebulo lija la maelementi limene linakulizani ku sekondale. Pa 6 Malichi 1899 ku Germany analembetsa dzina la asipirini, yemweyu timameza mutu ukawawa. Pa 6 Malichi 1957 Ghana inalandira ufulu, anthu anavina m’misewu. Pa 6 Malichi 1987 sitima ya pamadzi inagubuduzika itangochoka padoko ku Belgium chifukwa zitseko zake zakutsogolo zinali zosatseka, ndipo anthu pafupifupi mazana awiri anafera m’madzi ozizira. Pamndandanda umene ndinapezawo Kavalamanja panalibe. Ndinakwiya, ndinamuwonjezera ndekha, ndi kumuika pomalizira kuti alendo amve bwino. Sabata yonse ana anali kuyeseza pakhomo pathu madzulo, Amai ali pakhonde kumvetsera. Akafika pa 1978 Amai anali kunyamuka kulowa m’nyumba. Ine ndinkati atopa ndi phokoso.

Lachinayi lija kunacha bwino. Malole a masoja anayamba kufika m’mawa, matenti atakhomedwa kale, masipika akuyesedwa. Amai anadya phala, anandiseka kuti diresi yanga yandithina, anali bwinobwino. Ndinaganiza zopapa Filo kupita naye, koma ndinati ticha wotsogolera ana pamaso pa akuluakulu ochokera ku Lusaka, mwana ali kumsana, malovu ali paphewa? Ndinamuyamwitsa, anagona, ndinamuika pamphasa pafupi ndi ambuya ake. A Bornface anali atapita kale kukathandiza kunyamula mipando. Ndinauza Amai kuti ndibwera msanga. Anati, “Pita, mwana ali ndi ine.”

Ana anga anachita bwino, zimenezo ndisabise. Wa Ghana anakuwa mpaka sipika inalira, anthu anaseka. Wa sitima ananena zake pang’onopang’ono, anthu anati zii. Wa 1978 atamaliza, azimai ena okalamba anapukuta misozi ndi chitenge, ndipo mlendo wina anandigwira chanza. Ndinakhala pansi nditatupa ndi kunyada. Kenaka anaika nkhata zamaluwa pachipilala, lipenga linalira, masoja anaima pamzere, anakweza mfuti m’mwamba ndi kuwomba za ulemu.

Asisi, mfuti zija! Chaka ndi chaka ndimazimva, koma tsiku limenelo phokoso linagunda m’mapiri ndi kubwerera, linadutsa pamtsinje, mbalame zonse balala. Ana ang’ono analira. Mawere anga analasa nthawi yomweyo, mkaka unayamba kudontha, ndipo ndinati Filo wadzuka ndithu. Ndinazemba kuseri kwa tenti ndi kuthamangira kunyumba.

Pakhonde panali mphasa chabe. Chitseko chinali pululu. Ndinaitana, zii. Ndinayang’ana kuchimbudzi, kukhitchini, kwa aneba, koma mudzi wonse unali kumwambo, kunatsala nkhuku ndi agalu. Chitenge chopapira Filo panalibe. Kuseri kwa khola ndinapeza patapata imodzi ya Amai, ina ndinaipeza patsogolo pang’ono, panjira yotsikira kumadimba. Pamatope panali mapazi opanda nsapato, otalikirana. Munthu wa mawondo otupa uja, amene ndimamugwira dzanja potsika pakhonde, anali atathamanga.

Mukuwadziwa mabango aja a kumunsi kwa dimba lathu, pamene khwawa limathira mu Zambezi. Mwezi uno madzi alowa mpaka mkati, ndipo mwezi watha ng’ona inagwira mbuzi pamenepo masana dzuwa likuswa mtengo. Mapazi anathera pamenepo. Ndinaima m’mphepete, ndinakuwa “Amai! Amai!” mpaka mawu anasasa. Mabango anali kungogwedezeka ndi mphepo. Ndinafuna kulowa koma sindinadziwe polowera, pakuti mabangowo ndi aatali kuposa munthu ndipo atambalala mpaka kumene mtsinje wakhotera uko. Ndinabwerera kumwambo ndikuthamanga, nsapato zili m’manja.

Sindikumbuka zimene ndinakuwa nditafika. Ndimangokumbuka kuti wolankhula anasiya pakati, anthu anaimirira, a Bornface anandigwira mapewa ndi kundigwedeza. Mkulu wa masoja, mwamuna wamtali wa msinkhu wanga, anabwera ndi kufunsa modekha kuti mai, chachitika n’chiyani. Atamva, sanachedwe. Mulungu amudalitse munthu uja, anafuna kutithandiza ndi mtima wonse. Analamula anyamata ake atsikire kumtsinje ndi mfuti chifukwa cha ng’ona ndi mvuu. Boti ya injini inalizidwa kuti iziyenda m’mphepete mwa mabango. Mudzi wonse unatsatira, ena ndi zikwanje, ena akumenya zitini. Wina anabweretsa sipika ya m’manja, ndipo soja anayamba kuitana: “Amai Inês! Amai Inês! Tulukani! Ndife masoja, tabwera kudzakutengani!”

Ine ndinali kuthokoza, asisi. Ndinali kuti onjezerani, kuwani kwambiri, mwina sakumva. Masoja anapanga mzere ndi kulowa m’mabango, majombo akuti phwava phwava m’madzi, akuthyola mabango ndi mfuti. Ndinali kuyenda m’mbali mwawo pamtunda, diresi yonse itanyowa mkaka.

Ndiye ndinamumva. Filo analira, chapakati pa mabango, osati patali kwenikweni. Kulira kwa mwana wako sungakusokoneze. Analira kamodzi, anakoka mpweya kuti alirenso, ndipo kulirako kunaduka pakati. Sikunazirale pang’onopang’ono monga mwana akapatsidwa bere. Kunangoduka.

Ndisanakuwe, munthu anandigwira padzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa. Anali a Alzira. Inde, a Alzira omwewo ogulitsa nsomba zouma, a pakamwa ngati lumo, amene akhala akutukwanizana ndi Amai pa nkhani ya mbuzi ndi malire a dimba kuyambira tisanabadwe. Anali wefuwefu, duku litagwa, ndipo nkhope yawo sindinaionepo chotero.

Anati, “Thecla, aletse. Aletse manje manje. Akupha mwana wako anthu awa.”

Ndinati, “Mukamba chiyani? Akutithandiza!”

Anati, “Iwe ndi maphunziro ako! Amako sali mu chaka chino. Amva mfuti, aona malole, manje akumva majombo ndi injini ndi mwamuna wachilendo akuwatchula dzina. Ukuganiza atuluka? Mwana akalira, amutseka pakamwa. Majombo akayandikira, alimbitsa dzanja.”

Ndinati Amai sangachite zimenezo. A Alzira anandiyang’ana, ndipo anati, “Anachitapo. Mukuti Silvestre anafa bwanji?”

Asisi, khalani pansi ngati mwaimirira. Ine ndi inu tinakula tikudziwa kuti mlongo wathu woyamba, Silvestre, anafa ali khanda pa nkhondo. Sitinafunsepo. Ine ndinkaganiza bomba, kapena utsi. A Alzira anandiuza pomwepo, mwachangu, akundikoka kupita kwa mkulu wa masoja. Tsiku la ndege lija iwo ndi Amai anathawira limodzi m’mabango omwewa, onse ali atsikana ongokwatiwa kumene, Amai atapapa Silvestre. Anakhala m’madzi ofika m’chiuno. Masoja a Rodeshiya anadutsa pafupi, akusakasaka othawa, ndipo mwana anayamba kulira.

“Ndine ndinamuuza,” anatero a Alzira. “Ndinati Inês, mtseke, atipha tonse. Anamtseka. Anakhalitsa anthu aja, sanapite msanga. Pamene anapita, mwana anali atafewa. Atate ako anamuika okha. Ndipo chaka chilichonse tsiku ili likayandikira anali kuwakweza amako m’bwato kupita nawo ku Feira, ati kukagulitsa nsomba. Nsomba zanji za masiku atatu? Inu ana simunaone?”

Sitinaone, asisi. Mukukumbuka tinali kukondwera kuti atibweretsera mabanzi ndi masiwiti? Chaka chatha Amai anali m’chipatala ndi BP ija, ndiye tsikuli linawadutsa ali kutali. Chaka chino kanali koyamba kuti mfuti ziwapeze pakhomo, opanda Atate, ndi mutu wosokonezeka, ndipo ine ndi manja anga ndinawasiyira khanda.

Ndinagwada pamatope pamaso pa mkulu wa masoja. Ndinamugwira mwendo. Ndinati bwana, chotsani anthu anu, zimitsani injini, chonde. Iye anadabwa, anati, “Mai, tamumva mwana, tatsala pang’ono kuwapeza. Tikawasiya m’madzi muja, nanga ng’ona?” Anali kunena zoona. A Bornface nawonso anakuwa kuti mkazi wanga wapenga, pitirizani. Koma a Alzira saopa yunifomu. Anaima pamaso pake, mutu wawo ukufika pachifuwa pake chabe, anati, “Mwananga, iwe unali usanabadwe. Ine ndinali momwemo ndi mai ameneyo. Ukafika pamene ali, upeza mtembo wa mwana m’manja mwake. Ng’ona mwina ibwera, mwina sibwera. Koma dzanja lija lili pakamwa pa mwana manje lino.”

Mkulu uja anawayang’ana, anayang’ana ine, kenaka anakweza dzanja. Sanakuwe. Anangopereka chizindikiro, ndipo chinayenda pamzere wonse. Sipika inazima. Boti inazimitsa injini ndi kutengedwa ndi madzi kupita kumunsi. Masoja anatuluka m’mabango chobwerera, mwakachetechete, anakwera kumtunda ndi kukakhala pansi kuseri kwa mitengo kuti asaoneke. Anasiya mmodzi yekha atagona pachulu, mfuti italoza kumadzi. Anthu a m’mudzi anawabweza onse. Ngakhale kumatenti nyimbo zinazimitsidwa.

Chete wake uja sindidzamuiwala. Ndinali kumva ntchentche. Ndinatchera khutu kuti mwina Filo alira, ndinapempha Mulungu kuti alire, alire ndithu mokweza, ine amene masiku onse ndimapempha kuti atonthole. Palibe. Mabango chabe ndi madzi. Ndinanong’oneza a Alzira kuti ndiwaitane ine, mawu anga awadziwa. Anati, “Sakukudziwa. Kwa amako iwe sunabadwe. Ndipo pankhondo munthu akakuitana mokoma suyankha, umati amugwira, amuika mfuti kumsana.”

Ndinati nanga titani?

Anamanga duku lawo, anakokera chitenge m’chiuno, anatsikira m’dimba mwawo limene lachita malire ndi mabango. Anatola kamtengo ndi kuyamba kumenya masamba a chimanga, akuti “Psi! Psi! Choka!” ngati akupirikitsa chiweto. Kenaka anatsegula pakamwa paja mumapadziwa.

“Inês! Iwe Inês! Mbuzi zako zalowanso m’dimba mwanga! Taona chibwabwa changa chatha! Kodi khola linakukanika kumanga, mkazi waulesi iwe? Lero ndizithyola miyendo, ndithu ndikulumbira, ndizidula makutu ndikupatse uphike!”

Anatukwana, asisi. Anatukwana mbuzi, anatukwana Amai, anatukwana mpaka agogo athu aku Zumbo. Misozi inali kutsika m’masaya mwawo koma mawu osagwedera ngakhale pang’ono. Anapuma, anamvetsera, anayambiranso. Ine ndinali nditaluma chitenge kuti ndisakuwe. Ndinayamba kuganiza kuti talakwitsa, kuti tawachotsa anthu amene akanamupulumutsa, kuti mwina onse awiri ali kale pansi pa madzi.

Ndiye kuchokera m’mabango munatuluka mawu aang’ono, okwiya.

“Bodza! Mbuzi zanga ndinatsekera.”

A Alzira anayankha msanga, “Unatsekera ndi chiyani, ndi malovu? Bwera udzaone wekha ngati ndikunama!”

Mabango anagwedezeka. Anatuluka pang’onopang’ono, madzi ali m’chiuno, kenaka m’mawondo, matope mpaka m’khosi, miyendo itachekekachekeka. Filo sanali kumsana. Anamumangira kutsogolo, pachifuwa, ndipo dzanja lawo lamanja linali pankhope pake, litaphimba kamwa ndi mphuno zomwe. Timiyendo take tinali lendelende.

Ndinafuna kuwalumphira koma a Alzira ananditsekereza ndi kamtengo kaja osandiyang’ana. Anapita okha, akung’ung’udzabe za chibwabwa, anafika pafupi, anati mwa masiku onse, “Tabweretsa mwanayo ndikugwirire, ukapirikitse mbuzi zako.” Amai anayang’ana uku ndi uku, ananong’ona kuti, “Apita?” A Alzira anati, “Apita kalekale.” Pamenepo ndi pamene anachotsa dzanja.

Milomo ya Filo inali yotuwa. Maso anali otseka. A Alzira anamasula chitenge ndi kundiponyera mwana m’manja, ndipo anali wolemera mwachilendo, mutu ukugwera kumbuyo. Ndinathamanga naye kumtunda ndikukuwa. Nesi amene anabwera ndi ambulansi ya kumwambo anali atatsika kale, anandilanda, anamugoneka pa udzu, anamupukuta mphuno, anamuuzira mpweya m’kamwa, anamudina pachifuwa ndi zala ziwiri. Ine ndinali kungoitana dzina lake. A Bornface anagwada pambali atagwira mutu. Sindikudziwa zinatenga nthawi yotani. Ndinangoona kamwendo kakugwedezeka, kenaka anatsokomola, anasanza mkaka, ndipo analira. Mayo ine, kulira kuja! Masoja amene anabisala kumitengo anaimirira, ena anaomba m’manja, mkulu wawo anatembenuka ndi kuyang’ana kumapiri.

Koma Amai atamva kulirako anayamba kulimbana ndi a Alzira kuti abwere kwa ife, dzanja lili patsogolo, akuti, “Mtontholetseni! Atimva! Mpatseni kuno!” Anawagwira anthu atatu.

Tinagona kuchipatala masiku awiri. Adokotala akuti Filo ali bwino, ati zala za Amai zinali kusiya kampata chifukwa cha nyamakazi, mwina n’chimene chinamupulumutsa. Akuyamwa, akukwawa, akugwira zinthu. Pamasaya pake panali mabala a zala, anayi mbali ino, limodzi mbali inayo, manje ayamba kuzimirira. Amai anawatsuka mabala a m’miyendo ndi kuwapatsa mankhwala ogonetsa. Atadzuka sanakumbuke kalikonse. Anadabwa kuti miyendo yawo yatani, ndinawauza kuti anagwa kudimba. A Alzira amabwera tsiku lililonse, amakhala pakhonde, amakangana nawo za mbuzi, kenaka amapita. Kwa ine sanakambenso za Silvestre, ndipo ine sindinafunsenso.

Manje vuto langa ndi ili, asisi. Ndikuwaopa Amai. Ndalemba, ndipo ndikuchita manyazi kuyang’ana mawuwo, koma ndi zoona. Mai amene anandipapa, amene anakutafunirani chakudya muli kudwala chikuku, ndikawaona akuyandikira mphasa ya mwana thupi langa lonse limachita tsemwe. Chitseko chikamenyeka ndi mphepo ndimathamanga kukaona kumene ali. Dzana lole ya makala inaphulitsa tayala pamsewu, ndipo ndinawapeza ataimirira pakati pa bwalo, maso ali mwazumwazu, akufunafuna. Filo anali kumsana kwanga. Akanakhala pamphasa? Kusukulu sindinapite sabata yonse. Ndikupita kuchimbudzi ndi mwana, ndikusamba ndi mwana. Ndipo sindingawakwiyire, chifukwa m’mutu mwawo anali kumupulumutsa. Anathamanga ndi mawondo aja, analowa m’madzi a ng’ona, chifukwa cha mdzukulu wawo.

A Bornface akuti sangagone tulo mwana ndi Amai ali pakhomo limodzi. Sanakalipe, anangonena, ndipo sindinawatsutse. Amai sitingawatumize kwina. Ndani angawalandire, ndipo kumalo achilendo angasokonezeke kuposa apa. Ndiye tagwirizana kuti Filo apite kwa apongozi anga ku Mburuma. Lole ikupita Lolemba, atate ake amuperekeza. Ali ndi miyezi isanu ndi itatu chabe, asisi, ndimuletsa kuyamwa isanakwane nthawi. Ndagula mkaka wa m’chitini, ndikumuphunzitsa kumwera m’kapu, amakana, amandikoka bulauzi. Ndizipita kukamuona pakutha pa mwezi ngati msewu ulola. Ine nditsala ndi Amai.

Sindikukupemphani kuti musiye ntchito, ndikudziwa kuti tonse tikudya m’manja mwanu. Koma inu mumasamala okalamba odwala matenda omwewa tsiku ndi tsiku, munaphunzira. Ndiuzeni chochita. Kodi kuli mankhwala? Kodi zidzaipiraipira? Ndipo ngati angakupatseni tchuthi, ngakhale cha masabata awiri, bwerani Amai akali kukudziwani m’mawa. Mutu umodzi susenza denga, ine langa landilemera. Nkhani ya Silvestre musawafunse pafoni, chonde. Ndakuuzani chifukwa anali mlongo wanunso, ndipo sindikanatha kuisenza ndekha.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti anti awo amawakumbuka m’mapemphero. A Bornface akupereka moni. A Alzira ati ndikuuzeni kuti mwanenepa kwambiri pachithunzi, muchepetse buledi. Filo akanadziwa kulankhula akanakupatsani moni nayenso, wagona pamiyendo panga pamene ndikulemba.

Amai ali pakhonde, sakudziwa za Lolemba. M’mawa uno anachapa chitenge chopapira, anachiyanika, chauma, achipinda bwinobwino ndipo achiika pamiyendo. Kuyambira tibwere kuchipatala akhala akutambasula manja kuti ndiwapatse mwana, ine ndikuti ali ndi chifuwa, ndikuti wangoyamwa kumene, ndikuti dikirani adzuke. Lero anandifunsa kuti, “Thecla, ndinakulakwira chiyani?” Ndinati palibe, Amai. Nditawauza kuti ndikulembera inu anakondwa, nkhope inawala. Ati ndikupatseni moni wambiri, muzivala zofunda, musaiwale kupemphera. Atinso ndikuuzeni kuti mdzukulu wawo ndi mwana wabwino kwambiri, wakula nzeru, masiku ano iwo akangomuyandikira amangoti chete, salira ngakhale pang’ono.

Ndi zoona, asisi. Salira.

Ndine mng’ono wanu,
Thecla